NKHANGA ZINAPANGANA KUSANAPSE: Phunziro la za akuluakulu a chigawo chozimitsa moto

Akristu okondedwa, makamaka inu akatekisiti amene mudzawerengera anthu phunziro ili m'matchalitchi a kumidzi ndi m'miphakati, lero tiwoloke nyanja, tikaone kaboma kakang'ono ka ku America. Kaboma kameneka kalibe asilikali, kalibe bwalo la milandu, kalibenso ndende. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuona kuti moto ukabuka m'dera lake, papezeke anthu odziwa kuuzimitsa ndi zipangizo zozimitsira. Kapena wina adzafunsa kuti, kodi nkhani yotere ifunanji m'nyuzipepala ya Eklezia? Yankho lake nali. Papa Pius XI, m'kalata yake ya chaka cha 1931 yotchedwa Quadragesimo Anno, anaphunzitsa kuti ntchito imene anthu a pansi angathe kuichita okha, akuluakulu a pamwamba asawalande, koma awathandize kuti aichite bwino. Chiphunzitso chimenechi chimamveka m'buku, inde, koma munthu amachigwira msanga akachiona chikuyenda ndi miyendo. Tsono pa moto ndi pamene chimaonekera poyera, pakuti denga likayaka palibe amene adikira kalata yochokera ku likulu.

Kale ku Roma, mzinda usanakhale ndi ozimitsa moto a boma, kunali munthu wolemera dzina lake Crassus. Wolemba mbiri Plutarch asimba kuti munthuyu ankagula nyumba zimene zinali kupsa, pamodzi ndi zoyandikana nazo, pa mtengo wolira, eni ake ali ndi mantha. Umo ndi m'mene zimakhalira tsoka la anthu onse likasanduka malonda a munthu mmodzi. Mfumu Augusto anakhazikitsa magulu asanu ndi awiri a alonda a moto m'chaka cha 6, Ambuye athu ali mwana ku Nazarete. Mzinda wa New York, umene poyamba unali wa Adatchi nutchedwa New Amsterdam, unalandira oyang'anira moto anayi m'chaka cha 1648, osankhidwa ndi bwanamkubwa Peter Stuyvesant. Iwowa ankayendera nyumba ndi kuona zotulutsira utsi, zimene zambiri zinali za matabwa, pa madenga ofolera ndi udzu ndi bango onga athuwa. Ndipo m'chaka cha 1736 Benjamin Franklin ndi anzake anapangana ku Philadelphia kuti adzithamangira kulikonse kumene moto wabuka, yense ndi ndowa zake za chikopa, osalandira malipiro. Mwambo umenewo sunafe. Kufikira lero oposa theka la ozimitsa moto a ku United States ndi anthu odzipereka chabe: alimi, amisiri, aphunzitsi, ogulitsa m'masitolo, amene amasiya khasu kapena choko akamva kuitana.

Chigawo n'chiyani?

Tsono tipenye dziko la New York, limodzi la mayiko 50 amene apanga United States. Mizinda yake ikuluikulu ili ndi ozimitsa moto akeake, olembedwa ntchito ndi khonsolo, monganso kwathu kuno ozimitsa moto a ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ali m'manja mwa makhonsolo a mizindayo. Koma kunja kwa mizinda lamulo limalola kuti dera lina lidulidwe malire, likhale chigawo chozimitsa moto, chimene eni chinenero amati fire district. Zigawo zotere ziliko pafupifupi 900. Chigawo chilichonse ndi boma pachokha. Chimatha kugula malo, kumanga nyumba, kukongola ndalama, kusumira kapena kusumiridwa ku khoti, ndipo choposa zonse, chimatha kuika msonkho pa nyumba ndi minda ya anthu okhala m'malire ake.

Pano tichenjere, tisasokoneze zinthu ziwiri. Pali gulu la ozimitsa moto, ndiwo amuna ndi akazi amene amakwera galimoto nathamangira ku malawi. Palinso chigawo, ndicho boma limene limawagulira galimotoyo, kuwalipirira inshuwalansi ndi kuwaikira malamulo. Gulu ligwira mipope ndi makwerero. Chigawo chigwira thumba ndi mabuku. Phunziro lathu likunena za ogwira thumba ndi mabukuwo, anthu amene zithunzi zawo sizituluka m'nyuzipepala, koma akagona tulo galimoto imakana kulira pa tsiku la tsoka.

Makomishonala asanu

Mutu umodzi susenza denga. Chigawo chimalamulidwa ndi bungwe la anthu asanu otchedwa makomishonala, osankhidwa ndi anthu a m'chigawomo. Yense amakhala pa udindo zaka zisanu, koma satsika onse pamodzi ayi. Chaka chilichonse amatsika mmodzi, nalowa wina, kapena yemweyo akasankhidwanso. Nzeru yake ndi yoonekeratu: m'bungwemo nthawi zonse mumakhala anthu anayi odziwa kale za chaka chatha, ndipo gulu limodzi la anthu okwiya silingagubuduze bungwe lonse usiku umodzi. Makomishonala salandira malipiro. Amabwezeredwa ndalama zokha zimene awononga pa ntchito ya chigawo.

Wosankhidwa amayamba ntchito pa 1 Januwale, ndipo ayenera kulumbira ndi kupereka kalata ya lumbiro lake kwa mlembi wa tauni masiku 30 asanathe. Akazengereza, mpando wake umayesedwa wopanda munthu, ngakhale anapambana ndi mavoti ochuluka chotani. Munthu amene khoti linam'peza wolakwa pa mlandu wotentha nyumba dala saloledwa konse kukhala komishonala, kapena mlembi, kapena msungichuma, ndipo palibe amene angadabwe nazo.

Chinthu chimene ndifuna kuti muchigwiritse ndi ichi: komishonala mmodzi payekha alibe mphamvu iliyonse. Sangagule ngakhale chisoti chimodzi m'dzina la chigawo, sangachotse munthu ntchito, sangalonjeze wamalonda kanthu. Mphamvu ili m'bungwe litakhala pansi pa msonkhano woitanidwa mwa lamulo, ndipo mfundo imakhazikika pokhapokha atatu mwa asanuwo atavomera. Pakabwera atatu okha, ndiye kuti onse atatu avomere. Zimene akambirana awiri pa msewu kapena m'sitolo ndi macheza chabe. Misonkhanoyo ndi ya poyera. Munthu aliyense angathe kulowa nakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Amaloledwa kutseka chitseko pa nkhani zowerengeka zokha zimene lamulo linatchula, monga milandu ya ku khoti kapena za khalidwe la munthu wina wake.

Ntchito za bungweli n'zambiri. Limagula ndi kusamala magalimoto, limamanga ndi kukonza nyumba yosungiramo zipangizo, limavomereza anthu atsopano ofuna kulowa m'gulu la ozimitsa moto, limaweruza ndi kuchotsa wosamvera atayamba lamumva mbali yake, ndipo limaona kuti wovulala pa ntchito apeze chithandizo chimene lamulo limam'lonjeza. Pogula katundu woposa madola 20,000, kapena pomangitsa chinthu choposa madola 35,000, liyenera kulengeza kuti amalonda apikisane mitengo. Komishonala saloledwa kudzigulitsira malonda ake omwe ku chigawo chimene akuchilamulira, kupatula pa zochepa zimene lamulo linapatula. Makolo athu anaona kale vuto limeneli pamene anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndani angam'dzudzule wamalonda wobweretsa matayala owola, ngati wamalondayo ndi amene wakhala pa mpando woweruza?

Koma ntchito yotopetsa kuposa zonse, imene ambiri amainyozera, ndi kupenda zikalata za ngongole. Wogulitsa mafuta, wokonza injini, wosoka zovala, yense akatumiza kalata yofuna malipiro, bungwe liyenera kuiona lisanalole kuti ndalama zituluke. Kodi katunduyu tinamuitanitsa ndife? Kodi anafikadi? Kodi mtengo wake ndi umene tinapangana? Malipiro a antchito ndi ngongole zina monga za magetsi ndi lamya amaloledwa kulipira mosadikira, koma zina zonse zidikira maso a makomishonala. Ndi ntchito ya usiku, anthu atatopa kale ndi ntchito zawo za masana, ndipo chiyeso cha kungosaina osawerenga n'chachikulu.

Wapampando amasankhidwa ndi makomishonala anzake pa msonkhano woyamba wa chaka, umene uyenera kuchitika pasanapitirire pa 15 Januwale. Iye amatsogolera msonkhano, koma voti yake ndi imodzi monga ya wina aliyense.

Mlembi

Mlembi amaikidwa ndi bungwe chaka ndi chaka. Iye amasunga mabuku onse ndi makalata a chigawo, amalemba zonse zimene zagwirizanidwa pa msonkhano ndi mayina a amene avomera ndi amene akana, amalengeza za misonkhano ndi za chisankho m'nyuzipepala pa nthawi yake. Zolemba za msonkhano ziyenera kukhala zokonzeka kuti anthu aziwerenge masabata awiri asanathe. Udindo umenewu uoneka wopepuka, koma si wopepuka ayi. Chisankho chikalengezedwa mochedwa, wina angathe kuchitsutsa ku khoti. Mfundo ikapanda kulembedwa, patapita zaka ziwiri yense amakumbukira zake, ndipo wokweza mawu ndiye apambana. Ife ansembe tidziwa bwino zimenezi chifukwa cha mabuku a ubatizo ndi a maukwati: chimene sichinalembedwe pa tsiku lake chimasautsa mdzukulu patapita zaka makumi anayi.

Msungichuma

Tafika tsopano pa munthu amene ndifuna kuti tikhale naye nthawi. M'zigawo zina msungichuma amasankhidwa ndi anthu kwa zaka zitatu. M'zina amaikidwa ndi bungwe kwa chaka chimodzi. Mosiyana ndi makomishonala, iye ndi mlembi angathe kulandira malipiro. Asanagwire ndalama ayenera kukhala ndi chikole cha inshuwalansi, kuti zikasowa m'manja mwake chigawo chisalire chokha. Ndalama zonse zimene walandira azisungitse ku banki imene bungwe linasankha masiku khumi asanathe. Kuzisunga m'nyumba n'koletsedwa. Satulutsa ndalama mwa nzeru zake, koma bungwe likalamula, ndipo chaka chikatha amayala mabuku ake, malisiti ndi makalata a ku banki pamaso pa makomishonala. Kuwonjezera apo amatumiza lipoti la chuma kwa mkulu woyang'anira ndalama za dziko lonse la New York, wotchedwa Comptroller, amene ali ndi mphamvu yotumiza anthu ake kudzapenda mabuku a chigawo chilichonse.

Lamulo lalikulu pa zonsezi ndi lakuti komishonala sangakhalenso msungichuma. Wolamula kuti ndalama zituluke ndi wina, wozitulutsa ndi wina. Anthu ena abwino mtima amakhumudwa ndi malamulo otere, amvekere, kodi ndiye kuti simundikhulupirira? Abale anga, kuganiza kotero n'kulakwa. Paulo Woyera sanali mbala. Komabe pamene anasonkhanitsa zopereka za Akristu osauka a ku Yerusalemu, sanafune kuzinyamula yekha. Anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke munthu wom'nenera zoipa. Werengani mutu 8 wa kalata yake yachiwiri kwa Akorinto. Ndipo mudziwa nonse amene ankasunga thumba pakati pa Atumwi khumi ndi awiri, ndi zimene Yohane Woyera anena za iye pa mutu 12. Kupenda mabuku kumatchinjiriza msungichuma wolungama ku miseche, ndipo kumatchinjiriza wofooka ku chiyeso. Malipoti a Comptroller, pofotokoza zigawo zimene ndalama zinasowa, kawirikawiri amabwereza nkhani imodzimodzi: msungichuma anali munthu wodziwika, wokondedwa, wa zaka zambiri pa udindo, ndipo makomishonala analeka kuyang'ana makalata a ku banki chifukwa ankachita naye manyazi. Kuba kotere sikuyamba ndi ndalama zambiri. Kumayamba ndi kubwereka pang'ono mwana akadwala, ndi mtima wofuna kubweza mwezi wa mawa. Koma poona kuti palibe wafunsa, dzanja limazolowera njira.

Inu a m'makomiti a tchalitchi ndi a m'miphakati, amene muli nawo apampando, alembi ndi asungichuma anuanu, mwamva kale kumene mawuwa akuloza. Chopereka cha Lamulungu chiwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, chilembedwe pomwepo, ndipo wosunga asakhale yemweyo wolamula. Ndalama za denga la tchalitchi siziyera chifukwa chakuti zagona m'nyumba ya munthu wopemphera.

Mkulu wa ozimitsa moto

Mkulu wa ozimitsa moto ndi omuthandiza ake amapezeka mwa njira yochititsa chidwi. Ozimitsa moto eni ake ndiwo amatchula dzina la amene am'funa, pakuti ndiwo adziwa amene salimba mtima pa utsi ndi amene angawatulutse amoyo m'nyumba yoyaka. Koma dzinalo limapita ku bungwe, ndipo bungwe ndilo limamuika. Likam'kana, silisankha wake ayi. Limabweza nkhaniyo kuti ozimitsa moto atchule wina. Motero mbali zonse ziwiri ziyenera kumvana. Mkuluyo ali pansi pa bungwe: amayang'anira magalimoto ndi zipangizo, amaona kuti anthu ake aphunzitsidwe, amauza makomishonala zimene zawonongeka ndi zimene zikusowa, ndipo amatsata malamulo awo. Chifukwa cha ichi munthu mmodzi sangakhale mkulu wa ozimitsa moto ndi komishonala nthawi imodzi, pakuti akadakhala bwana wa iye mwini.

Koma belu likalira zinthu zimatembenuka. Pa malo a moto wolamula ndi mkuluyo yekha, ndipo lamulo limaletsa komishonala aliyense kulowerera ntchito yake pa nthawi imeneyo. Ngakhale wapampando amene anasaina kalata yogulira galimotoyo, akafika pa moto ngati komishonala, aime patali. Ngati iyenso ndi mmodzi wa ozimitsa moto, monga zimachitikira kawirikawiri, avale chisoti chake namvere mkulu monga anzake onse. Tangoganizani munthu amene Lolemba usiku anakana pempho la mkulu lofuna mipope yatsopano, Lachitatu m'bandakucha akulandira lamulo kwa mkulu yemweyo kuti akwere makwerero. Pafunika kudzichepetsa kwenikweni mbali zonse ziwiri. Ine ndiyesa kuti m'malamulo onse a chigawo mulibe lina lanzeru kuposa ili. Nkhani ya ndalama ifuna anthu ambiri, kukambirana ndi kufatsa. Nkhani ya malawi ifuna liwu limodzi lomveka msanga. Kusinthanitsa ziwirizi ndiko kupha anthu: bungwe lotsutsana pa khomo la nyumba yoyaka, kapena munthu mmodzi wogula yekha magalimoto ndi ndalama za anthu.

Magulu ambiri ali ndi wansembe kapena mbusa wowayendera. Alibe mphamvu ya lamulo m'chigawo, koma ndiye amagogoda pa khomo la mkazi wamasiye. Nkhoswe ya ozimitsa moto ndi Floriano Woyera, msilikali wa Aroma amene anamizidwa mu mtsinje wa Enns, m'dziko limene lero ndi Austria, cha m'ma 304, chifukwa cha chikhulupiriro chake. Timam'kumbukira pa 4 Meyi.

Za msonkho ndi za chisankho

Ndalama za chigawo zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo. Chaka ndi chaka makomishonala amalemba bajeti, naiika poyera kuti anthu aione. M'sabata yachitatu ya Okutobala amaitana msonkhano umene aliyense angaime ndi kufunsa kapena kutsutsa. Pofika pa 4 Novembala bajetiyo ikhale itavomerezedwa, ndipo imatumizidwa kwa mlembi wa tauni. Akuluakulu a tauni amatolera msonkhowo pamodzi ndi wawo, koma alibe mphamvu yosintha ngakhale dola imodzi m'bajeti ya chigawo. Malire alipo ndithu. Lamulo la chaka cha 2011 linaletsa maboma ang'onoang'ono kukweza msonkho kupitirira magawo awiri pa 100 alionse pa chaka, pokhapokha bungwe litavota mwapadera kuti lidumphe malirewo. Ndipo chigawo chikafuna kukongola ndalama zambiri, monga zogulira galimoto ya makwerero aatali imene masiku ano mtengo wake umaposa madola 1 miliyoni, chiyenera kufunsa anthu onse mwa voti.

Musaganize kuti zonse zakhala zikuyenda bwino. M'chaka cha 2005 nyuzipepala ya Newsday inafufuza zigawo za pa chilumba cha Long Island, nipeza kuti zina zinamanga nyumba zodula kopitirira muyeso, zinagula magalimoto oposa amene zinkawasowa, ndipo akuluakulu ena ankayenda maulendo ataliatali pa ndalama za msonkho. Anthu ambiri olipira msonkhowo sankadziwa n'komwe kuti kuli makomishonala. Chaka chotsatira, 2006, nyumba ya malamulo ya New York inakhwimitsa zinthu. Kuyambira pamenepo komishonala aliyense wosankhidwa ayenera kuchita maphunziro a za udindo wake masiku 270 asanathe. Chigawo chilichonse chiyenera kukhala ndi malamulo olembedwa a khalidwe la akuluakulu ake. Ndipo zigawo za ndalama zambiri ziyenera kuitana wopenda mabuku wochokera kunja chaka chilichonse. Onani kuti boma la pamwamba silinathetse zigawozo kapena kuzilanda ntchito. Linaziwongola, nkuzisiya m'manja mwa eni ake, monga momwe Papa Pius XI anaphunzitsira.

Chimene lamulo silingathe kukonza ndi mphwayi za anthu. Chisankho cha makomishonala chimachitika Lachiwiri lachiwiri la Disembala, ndipo malo ovotera, amene kawirikawiri ndi nyumba yomwe ya ozimitsa moto, ayenera kukhala otsegula kuyambira 6 koloko kufikira 9 koloko madzulo. Kumeneko imeneyo ndi nyengo ya chisanu, kumada msanga, anthu atangovota kumene pa chisankho chachikulu cha Novembala, ndipo mitima ili pa kukonzekera Khirisimasi. Woyenera kuvota ndi aliyense wolembetsa amene wakhala m'chigawomo masiku 30. Koma m'zigawo zambiri obwera amakhala ozimitsa moto eni ake ndi abale awo, ndipo si chachilendo kuti munthu wopanda wopikisana naye alandire mpando wa zaka zisanu, ndi mphamvu yoika msonkho pa nyumba zikwi zingapo, ndi mavoti osakwana zana limodzi.